Mafunso ndi mayankho: kuphunzira zamalamulo pa koleji yoyima payokha

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa achinyamata ofuna kuphunzira zamalamulo pa koleji yomwe si ya boma, komanso kwa makolo amene adzakhale akulipira fizi. Ndawayankha monga munthu wophunzitsa a chaka choyamba, ndipo pena ndatalikitsa dala chifukwa mpamene ambiri amapunthwa.

Kodi digiri ya pa koleji yoyima payokha ili ndi mphamvu ngati ya pa yunivesite ya boma?

Ikhoza kukhala nazo, koma musatengeke ndi chikwangwani cha pageti kapena kabuku konyezimira kamene akupatsani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chimapatsa digiri mphamvu ndi chivomerezo, osati mwini wake wa sukulu. M'mayiko ambiri muli mabungwe awiri oyenera kuvomereza. Lina limayang'anira maphunziro apamwamba onse, ndipo ndi limene limalembetsa koleji ndi kuyendera maphunziro ake. Linalo limaona za maphunziro a maloya okha, ndipo ndi limene limanena ngati omaliza pa kolejiyo angapitirire mpaka kulandira chilolezo choyimirira anthu m'khoti. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino pamene maphunziro ake a zamalamulo sanavomerezedwe, ndipo ambiri amagwera m'mbuna imeneyi.

Pitani nokha ku mabungwewo kapena onani mndandanda umene amatulutsa. Akakuuzani kuti chivomerezo chili m'njira, dziwani kuti sichinafike. Ndimaumirira pa mfundoyi chifukwa ndinakhalapo ndi mtsikana wina mu ofesi, digiri ya zaka zinayi ili m'manja, atangouzidwa kumene kuti dzina la sukulu yake silili pa mndandanda. Sanalire. Ankangotembenuza pepalalo uku ndi uku ngati pali china cholembedwa kumbuyo, kenako anafunsa kuti akawauza chiyani amayi ake.

Chivomerezo chikakhalapo, yenderani sukuluyo. Lowani mu laibulale muone ngati muli mabuku a zigamulo za makhoti, ndiponso ngati ophunzira ali ndi mwayi wowerenga zigamulo zatsopano pa intaneti. Funsani kuti aphunzitsi okhazikika alipo angati. Makoleji oyima paokha amadalira kwambiri maloya amene amabwera kudzaphunzitsa akaweruka ku ntchito zawo. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa munthu amene m'mawa anali m'khoti amaphunzitsa zinthu zimene wazikhudza ndi manja. Koma mlandu wake ukatalika kalasi imalephereka, ndipo mukafuna kumufunsa kanthu pakati pa sabata simumupeza. Ophunzira a chaka chachitatu ndi amene angakuuzeni zoona pa zimenezi.

Ndikalandira digiriyo ndiye kuti ndakhala loya?

Ayi. Digiri ya zamalamulo, yotchedwa LLB, ndi khomo loyamba chabe. Pambuyo pake pamakhala maphunziro a ntchito yeniyeniyo, mayeso ena, ndipo kawirikawiri nthawi yogwira ntchito pansi pa loya wamkulu, kenako khoti kapena bungwe la maloya n'kukulandirani. Ku Kenya kuli Kenya School of Law, ku Nigeria kuli Nigerian Law School, ku Uganda kuli Law Development Centre, ku Zambia kuli Zambia Institute of Advanced Legal Education (ZIALE). Ku United States njira yake ndi ina: munthu amayamba wapeza digiri ya phunziro lina lililonse, kenako n'kuchita digiri ya zamalamulo yotchedwa JD kwa zaka zitatu, n'kudzalemba mayeso a boma la chigawo chimene akufuna kugwiramo ntchito. Powerengera ndalama ndi zaka, gawo lachiwirili musaliiwale. Dziwaninso kuti dipuloma kapena satifiketi ya zamalamulo ingakupezetseni ntchito yothandizira maloya, koma payokha siyikufikitsani poyimirira munthu m'khoti.

Maphunzirowa amatenga zaka zingati, ndipo muli chiyani?

LLB imatenga zaka zitatu ku England, ndipo m'mayiko ambiri a mu Africa imatenga zinayi kapena kuposerapo. Ophunzira madzulo kapena kumapeto kwa sabata nthawi zambiri amatenga nthawi yotalikirapo.

Zaka zoyambirira mumaphunzira maziko amene loya aliyense sangawathawe: malamulo aakulu oyendetsera dziko, milandu ya upandu, mapangano, milandu ya kulakwirana imene imathera pa chipepeso, malo ndi katundu, ndi njira zofufuzira ndi kulembera zamalamulo. Kenako pamabwera umboni, ndondomeko za m'khoti, makampani, banja ndi chuma cha masiye, malamulo a pantchito, ndi malamulo a pakati pa mayiko. Chaka chomaliza mumasankhako ena mwa maphunziro ndipo mumalemba kafukufuku wanuwanu.

Pali chinthu chimodzi choyenera kudziwiratu ngati mukuganiza zokagwira ntchito kunja. Malamulo sayenda ndi munthu monga masamu. Mayiko amene anatengera dongosolo la ku England amapatsa zigamulo za makhoti aakulu mphamvu ya lamulo. Ena, monga France ndi mayiko ambiri olankhula Chifalansa kapena Chipwitikizi, amadalira mabuku aakulu a malamulo olembedwa mwadongosolo, mwambo wochokera ku malamulo a Aroma amene mfumu Justinian inasonkhanitsa m'zaka za m'ma 500, n'kudzalimbikitsidwa ndi buku la malamulo la Napoleon la 1804. South Africa inasakaniza ziwirizi. Wosamukira dziko lina kawirikawiri amayenera kulembanso mayeso a kumeneko.

Kodi ndiyenera kuloweza malamulo onse pamtima?

Funso limeneli ndi limene ndimalikonda, chifukwa yankho lake limasintha mmene munthu amawerengera zaka zonse zinayi. Ayi, simuloweza. Malamulo amasintha, ndipo ngakhale loya wa zaka makumi atatu pantchito amatsegula buku asanayankhe. Chimene mumaphunzira ndi kuwerenga nkhani ya anthu, kupatula mfundo zofunika ndi zosafunika, kupeza lamulo loyenera, ndi kuonetsa chifukwa chake likugwira kapena silikugwira pa nkhaniyo.

Tengani mlandu umene wophunzira aliyense wa dongosolo la ku England amakumana nawo chaka choyamba, wa Donoghue ndi Stevenson. Mu Ogasiti 1928, mayi May Donoghue analowa m'malo odyera mumzinda wa Paisley ku Scotland, ndipo mnzawo anawagulira botolo la chakumwa cha jinja. Botololo linali lakuda, losaonekera m'kati. Atamwako, chotsalacho chikutsanulidwa, akuti munatuluka nkhono yowola, ndipo mayiwo anadwala. Vuto linali lakuti iwo sanagule kanthu kwa wina aliyense, choncho panalibe pangano loti asumirepo. Anasumira amene anapanga chakumwacho, a David Stevenson, omwe anali asanaonanepo nawo. Mu 1932 khoti lalikulu la House of Lords, majaji atatu kutsutsana ndi awiri, linagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala kuti asavulaze amene adzagwiritse ntchito katunduyo. Mmodzi wa majajiwo, Lord Atkin, anafotokoza kuti pamaso pa lamulo, mnansi wako ndi aliyense amene zochita zako zimamukhudza mwachindunji kotero kuti uyenera kumuganizira usanachite kanthu.

Wophunzira woloweza amalemba dzina la mlandu, chaka, ndi nkhono. Wophunzira amene wamvetsa amayamba kufunsa. Bwanji botololo likanakhala loonekera m'kati, mayiwo n'kumwabe? Bwanji wogulitsa akanalitsegula kaye n'kulisiya poyera? Nanga mfundo yomweyi ingagwire pa womanga nyumba, pa dokotala, pa wokonza mabuleki a galimoto? Mafunso amenewa ndiwo maphunziro a zamalamulo. Ndipo chodabwitsa n'chakuti khoti silinatsimikizepo kuti nkhonoyo inalimodi m'botolo. Majaji ankayankha funso la lamulo lokha, a Stevenson anamwalira mlandu wa umboni usanamvedwe, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti.

Mu chigamulo chilichonse mumafunafuna chifukwa chenicheni chimene jaji wagamulira, chomwe maloya amachitchula m'Chilatini kuti ratio decidendi. Zina zimene jaji wangonena podutsa, zotchedwa obiter dicta, zimathandiza koma sizimanga khoti lina. Kusiyanitsa ziwirizi kumatenga miyezi, ndipo palibe njira yachidule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bwanji ndingowerenga chidule cha milandu chimene anzanga alemba kale?

Chidule chimathandiza pokumbukira, koma sichingalowe m'malo mwa chigamulo chenicheni. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Zolemba zimene zimayenda m'mafoni a ophunzira chaka ndi chaka zimanyamula zolakwa za amene anazilemba poyamba, ndipo zina zimatchula milandu imene khoti la apilo linaitembenuza kalekale. Milandu ikuluikulu muziwerenga nokha kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kuphatikizapo maganizo a majaji amene anatsutsa, chifukwa kumeneko nthawi zina n'kumene kumachokera lamulo la mawa. Poyamba masamba khumi angakudyereni madzulo onse. Pofika semesita yachiwiri maso amazolowera.

M'kalasi mumakhala bwanji?

Pali makalasi a gulu lalikulu momwe mphunzitsi amafotokoza, ndi timagulu ting'onoting'ono tokambirana. Aphunzitsi ambiri amatsata njira imene Christopher Columbus Langdell anayambitsa ku Harvard atakhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo kumeneko mu 1870: mumabwera mutawerenga kale mlandu, ndipo mphunzitsi amatchula dzina la wina n'kuyamba kumufunsa.

Ine ndimakonda kuyamba ndi mlandu wa Dudley ndi Stephens wa 1884. Ngalawa yotchedwa Mignonette inamira pa nyanja yaikulu, anthu anayi n'kupulumukira m'kabwato opanda madzi akumwa. Patatha masiku pafupifupi 20, awiri anagwirizana zopha mnyamata wa zaka 17, Richard Parker, yemwe anali atafooka kale, kuti apulumuke pomudya. Atapulumutsidwa anaimbidwa mlandu wakupha, ndipo khoti linakana kuti kusowa pogwira kungakhale chifukwa chophera munthu wosalakwa. Anagamulidwa kuti aphedwe, koma chilangocho chinachepetsedwa n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi m'ndende. Ndikafunsa kuti khoti linalondola kapena ayi, kalasi imagawanika. Wina akati linalondola, ndimamufunsa kuti bwanji akanachita maere. Wina akati linalakwa, ndimamufunsa kuti ndani anapatsa awiriwo mphamvu yosankha woti afe. Pamakhala kachetechete kenakake pamene munthu wazindikira kuti yankho limene anabwera nalo silikukwanira, ndipo sanyozedwa nazo. Cholinga n'chakuti aphunzire kuganiza ali chiimire, anthu akumuyang'ana, chifukwa kutsogolo jaji adzamuchita zomwezo.

Ndine wamanyazi, ndipo chilankhulo cha m'khoti chimandiopsa. Ndingakwanitse?

Mungakwanitse. Anthu amaganiza kuti loya ndi munthu wa pakamwa, koma gawo lalikulu la ntchitoyi limachitikira pa tebulo: kuwerenga, kulemba makalata, kukonza mapangano. Ophunzira ofatsa nthawi zambiri amamvetsera bwino, ndipo kumvetsera ndi theka la kufunsa mboni. Mawu a Chilatini ndi ochepa kuposa mmene mukuganizira ndipo amalowa okha. Chimene muyenera kulimbikira ndi kulemba ziganizo zomveka m'chilankhulo chimene makhoti a dziko lanu amagwiritsa ntchito. Musatayenso chilankhulo cha makolo anu. Anthu amene mudzawayimire adzakufotokozerani mavuto awo m'chilankhulo chimene amalirira, ndipo loya amene sangathe kumasulira chigamulo kwa gogo wolandidwa munda sanamalize ntchito yake.

Mayeso amakhala otani?

Pali mafunso a mitundu iwiri. Ena amafuna kuti mukambirane mfundo ya lamulo ndi kupereka maganizo anu. Ena, omwe amavuta ambiri, amakupatsani nkhani yopeka: wakuti anabwereka galimoto ya mnzake, n'kuigulitsa kwa munthu amene sankadziwa kuti si yake, ndipo tsopano mwini galimoto akuifuna. Pamapeto pamalembedwa mawu ochepa chabe, akuti langizani wogulayo.

Poyankha, yambani mwatchula funso la lamulo limene lili m'nkhaniyo, kenako lamulo ndi milandu yokhudza funsolo, kenako ikani lamulolo pa zimene zachitika, n'kumaliza ndi uphungu wanu. Malikisi ambiri ali pa gawo lachitatulo. Ophunzira amataya malikisi chifukwa chokhuthula zonse zimene akudziwa pa mutuwo osabwerera kwa wogula uja, yemwe akungofuna kudziwa ngati galimoto aisunga kapena ayi. Mayeso ena amalola kulowa ndi buku la malamulo, koma musasangalale msanga, chifukwa amene sanalitsegulepo chaka chonse amatha nthawi akufufuza tsamba. Maasayimenti a m'kati mwa semesita nawonso amawerengedwa pa malikisi omaliza, ndipo makoleji ambiri salola kulemba mayeso munthu amene wajomba makalasi ambiri. Werengani kabuku ka malamulo a sukulu sabata yoyamba.

Kodi khoti loyeserera n'chiyani, ndipo n'lofunika?

Ndi mpikisano umene ophunzira amatsutsana pa mlandu wopeka pamaso pa aphunzitsi, maloya kapena majaji enieni. Mumalemba mfundo zanu, n'kudzaziteteza pakamwa uku akukudulani ndi mafunso. Waukulu pa dziko lonse ndi wa Jessup, umene unayamba mu 1960. Umayeserera milandu ya pakati pa mayiko ngati ya ku International Court of Justice ku The Hague, ndipo ndime zake zomaliza zimachitikira ku Washington, D.C. Mu Africa muli wa ufulu wachibadwidwe umene umakonzedwa ndi Centre for Human Rights ya ku yunivesite ya Pretoria, ndipo umazungulira m'mayiko osiyanasiyana. Ubwino wake waukulu n'ngwakuti mumakonzekera mbali zonse ziwiri, ya wodandaula ndi ya woyankha. Munthu amene wateteza m'mawa mfundo imene masana akuyenera kuigwetsa amasiya kupeputsa wotsutsana naye. Funsani ngati koleji imene mukuifuna imatumizako ophunzira, ndiponso ngati imawalipirira ulendo.

Kodi ndingayambe kuthandiza anthu ndili pasukulu?

Inde, koma kudzera mu kliniki ya zamalamulo, momwe ophunzira amamva madandaulo a anthu osauka moyang'aniridwa ndi loya wa chilolezo. Kumeneko mumaphunzira zimene buku silinena, monga kuti munthu wochotsedwa ntchito amayamba ndi nkhani ya ana ake asanafike pa kalata imene mukuifuna, ndipo muyenera kumulola amalize. Mumaphunziranso kusunga chinsinsi. Zimene mwamva m'chipindamo sizituluka, ngakhale kwa mnzanu wogona naye chipinda chimodzi.

Achibale adzayamba kukutchulani loya mutangomaliza semesita yoyamba, ndipo adzabwera ndi mapepala. Amvereni mwaulemu, auzeni kumene angapeze thandizo, koma musadzionetse ngati muli ndi chilolezo. M'mayiko ambiri umenewo ndi mlandu, ndipo uphungu wolakwika ungachititse munthu kuchedwa kusuma mpaka nthawi yololedwa itadutsa.

Nanga kugwiritsa ntchito ChatGPT ndi zina zotero polemba?

Tsatirani malamulo a koleji yanu, ndipo mlandu uliwonse umene makinawa akutchulirani muupeze ndi kuuwerenga nokha. Mu 2023, pa mlandu wa Mata ndi kampani ya ndege ya Avianca, khoti la ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa anapereka zigamulo zimene ChatGPT inangopeka. Kukopera ntchito ya wina ndi kubera mayeso n'koopsa kwambiri kwa wophunzira zamalamulo kusiyana ndi ena, chifukwa popempha chilolezo amafufuzanso khalidwe lanu, ndipo mbiri ya chinyengo cha pasukulu ingakutsekereni khomo patapita zaka.

Fizi ndi yokwera. Ndingaphatikize sukulu ndi ntchito?

Ambiri amatero, ndipo makalasi a madzulo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amasankhira makoleji oyima paokha. Koma werengerani bwino nthawi. Ola limodzi la m'kalasi limafuna maola ena awiri kapena atatu owerenga panokha. Musanalembetse, pemphani kuti akulembereni ndalama zonse: ya mayeso, ya laibulale, yobwereza phunziro, ya mwambo womaliza maphunziro. Funsani ngati amalola kulipira pang'onopang'ono, ngati fizi ingakwere chaka chili m'kati, ndiponso chimene chimachitika ndi zotsatira za mayeso ngati muli ndi ngongole. Pepala lolembetsera ndi pangano, ndipo mwina ndi loyamba limene mudzaliwerenge ndi maso a loya.

Kodi pamakhala moyo wina kupatula mabuku?

Ulipo, ndipo muufune. Pamakhala bungwe la ophunzira zamalamulo, magulu a mtsutso, masewera, mapemphero, ndi masiku amene majaji kapena maloya amabwera kudzacheza ndi ophunzira. Makoleji ena ali ndi hositelo, ena mumadzipezera nokha pogona. Pezani anzanu atatu kapena anayi owerenga nawo, poti mutu umodzi susenza denga, koma akhale anthu amene amabwera atawerenga. Anzanu a m'kalasi ndi amene mudzakumane nawo m'khoti moyo wanu wonse, wina ali woyimira boma, wina ali majisitireti, ndipo adzakumbukira ngati munali munthu wosunga mawu.

Kutopa kwa m'maganizo n'kofala pa maphunzirowa. Anthu amene ku sekondale ankakhala nambala wani amadzidzimuka akaona malikisi apakatikati, ndipo ena amangodzitsekera. Tulo tikayamba kusowa kapena mukayamba kuopa kulowa m'kalasi, lankhulani ndi mphunzitsi kapena mlangizi wa ophunzira mayeso asanafike. Zimandipweteka kumva za vuto la wophunzira wanga zotsatira zitatuluka kale, pamene mwezi umodzi m'mbuyomo tikanatha kuchitapo kanthu.

Ndalephera phunziro lina, kapena ndakula kale. Ndisiye?

Makoleji ambiri amalola kulembanso mayeso kapena kubwereza phunziro, ngakhale pamakhala malire a maulendo. Pemphani kuona pepala lanu kuti mudziwe pamene panavuta. Nelson Mandela anachoka pa yunivesite ya Witwatersrand osamaliza LLB yake atalephera mayeso a chaka chomaliza, ndipo digiriyo anadzaipeza mu 1989 kudzera ku University of South Africa, ali m'ndende, ali ndi zaka 70. M'makalasi a madzulo mumakhala apolisi, aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'mabanki, ndipo tikafika pa malamulo a pantchito kapena a banja ndi iwo amene amafunsa mafunso akuya.

Kodi ndidzakakamizika kuteteza munthu amene ndikudziwa kuti ndi wolakwa?

Makolo ndi amene amafunsa kwambiri funso ili. Loya saloledwa kunamiza khoti kapena kubweretsa mboni yonama. Chimene amachita ndi kuonetsetsa kuti boma latsimikiza mlandu mwa njira yoyenera. Pa mlandu wa Woolmington mu 1935, House of Lords inanenetsa kuti udindo wotsimikiza kuti munthu ndi wolakwa uli kwa wozenga mlandu, osati kuti woimbidwayo atsimikize kuti ndi wosalakwa. Chitetezo chimenechi chikachotsedwa kwa munthu amene tonse tikumukayikira, chachotsedwanso kwa wosalakwa amene adzagwidwe mawa. Komanso si onse omaliza zamalamulo amene amagwira milandu ya upandu. Ena amapita m'makampani, m'mabanki, m'maunduna a boma, ku nyumba ya malamulo kukalemba mabilu, m'mabungwe oteteza ufulu wa anthu, kapena kukaphunzitsa.

Ndichite chiyani sukulu isanatsegulidwe?

Pezani buku la malamulo aakulu oyendetsera dziko lanu, muwerenge gawo la ufulu wa anthu ngakhale simumva zonse. Kenako pitani ku khoti la majisitireti m'mawa wina. Milandu yambiri imamvedwa poyera ndipo aliyense angathe kukhala pa benchi ya kumbuyo. Zimitsani foni, imirirani majisitireti akamalowa, ndipo tengani kope. Lembani kuti ndani akulankhula, akufunsa chiyani, ndi kangati mlandu ukuimitsidwa chifukwa mboni sinabwere kapena fayilo yasowa. Yang'ananinso nkhope ya munthu amene waima m'kabokosi pamene womasulira akumuuza zimene zangonenedwa zokhudza belo yake. Kopelo mubwere nalo tsiku loyamba la kalasi.